Kupewa Kugonekedwa M'chipatala: Malangizo kwa Mabanja Okhala ndi Achinyamata

Kugonekedwa m'chipatala kumatanthauza kuti wodwala wapatsidwa bedi mu wodi ndipo agona komweko usiku umodzi kapena kuposerapo, chifukwa matenda ake afika poti sangachizidwe ndi mankhwala opita nawo kunyumba. Akatswiri a zaumoyo amati kugonekedwa kwina n'kopeweka, ndipo potero amatanthauza kuti matendawo kapena ngoziyo ikanatha kuletsedwa isanachitike, kapena kuti wodwalayo akanatha kuthandizidwa pachipatala chaching'ono n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo akanafikako msanga. Kabuku kano kakukamba za anthu a m'Malawi a zaka zapakati pa 18 ndi 35, amene mabanja amawadalira kumunda, kumsika, panyanja ndi pantchito zolembedwa. Ambiri mwa iwo amafika pabedi la m'chipatala chifukwa cha masiku awiri kapena atatu amene anatayika pakhomo matenda atayamba, kapena chifukwa cha mankhwala amene anawasiyira panjira atayamba kupezako bwino.

Ngakhale chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, kugonekedwa kumadyera banja chuma chambiri, popeza wodwala aliyense amafuna gadiyani, yemwe ndi wachibale womudikirira, womuphikira ndi kumuchapira, ndipo nthawi zambiri amakhala mayi kapena mlongo amene wasiya ana ndi munda. Pamafunikanso ndalama zoyendera, ufa, nkhuni ndi ndiwo, ndipo zikachitika m'nyengo yopalira kapena yothira feteleza, sabata zitatu za m'chipatala zimadzaonekera m'nkhokwe chaka chonse.

Kuchedwa kwa mitundu itatu

M'chaka cha 1994, akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, pofufuza imfa za amayi oyembekezera, anafotokoza kuti wodwala amachedwa m'malo atatu: pomanga mfundo yoti apite kuchipatala, paulendo wopita kuchipatalako, ndi polandira chithandizo atafika. Kufotokoza kumeneku kumagwiranso ntchito pa matenda ena onse, ndipo kuchedwa koyamba ndi kumene kuli m'manja mwa banja. Achinyamata ndi amene amachedwa kwambiri pamenepa, chifukwa thupi lamphamvu limabisa matenda, moti mnyamata angathe kuyenda ndi kugwira ganyu ali ndi malungo mpaka tsiku limene mphamvu zidzamuthere mwadzidzidzi. Wina amaopa kutaya ndalama ya tsikulo akakakhala pamzere, wina amachita manyazi ndi matenda okhudza ziwalo zobisika, ndipo mtsikana wokwatiwa kumene nthawi zina amadikira kuti mwamuna kapena apongozi avomere kaye. Mabanja amene amagwirizana pasadakhale kuti aliyense wodwala ali ndi ufulu wonyamuka osayembekezera chilolezo amakhala atachotsa kale gawo lalikulu la vutoli.

Malungo

Malungo amayamba ndi tizilombo totchedwa Plasmodium, timene timalowa m'magazi munthu akalumidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, womwe umaluma kwambiri usiku. Wofala m'Malawi ndi mtundu wa falciparum, umene ungathe kusanduka malungo aakulu m'masiku ochepa. Achinyamata ndi amene kawirikawiri amagona opanda neti, chifukwa maneti a pakhomo amayamba apatsidwa ana ndi amayi oyembekezera, pamene anyamata amagona kugowelo, kudimba, kudoko kapena pamalo olondera, ndipo amene anakulira m'tauni kapena kumapiri akapita kumadera a m'mbali mwa nyanja ndi kuchigwa cha Shire amadwala kwambiri chifukwa thupi lawo silinazolowere tizilomboti.

Munthu aliyense amene thupi latentha ayenera kuyezedwa magazi a pachala pasanathe maola 24, ndipo zotsatira zake zimatuluka m'mphindi zosapitirira 20. Kugula panado ndi mankhwala ena pagolosale popanda kuyezetsa kuli ndi zoopsa ziwiri, chifukwa kutentha thupi kumatsika kwa kanthawi pamene tizilombo tikuchulukana, komanso matendawo angakhale ena, monga taifodi, chibayo kapena matenda oumitsa khosi, amene mankhwala a malungo sangawachize. Kuyambira 2007, mankhwala oyamba ochizira malungo m'Malawi ndi LA, amene amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 nthawi iliyonse, onse pamodzi 24. LA amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta, monga phala lotsira nsinjiro kapena mkaka. Cholakwika chofala, chomwenso chili chomvetsa chisoni chifukwa chimachokera mumtima wofuna kusamala, ndi kusiya kumwa tsiku lachiwiri n'kusungira wina mapiritsi otsalawo. Tizilombo totsala timachulukananso ndipo munthu amabwerera ali wofooka kuposa poyamba. Wodwala akayamba kusokonezeka mutu, kukomoka, kusanza chilichonse, kukodza mkodzo wakuda, kupuma movutikira kapena maso kukhala achikasu, malungowo akula ndipo afunika jakisoni wa artesunate mu wodi tsiku lomwelo.

Kachilombo ka HIV ndi chifuwa chachikulu cha TB

Kuyambira 2016, aliyense wopezeka ndi kachilombo ka HIV m'Malawi amayamba kumwa ma ARV nthawi yomweyo osadikira kudwala, ndipo ambiri masiku ano amamwa piritsi limodzi pa tsiku. Munthu womwa mankhwalawa mokhulupirika angathe kukhala zaka zambiri osagonekedwa, ndipo tizilombo tikachepa m'magazi mpaka kusaoneka poyeza, sapatsira mnzake pogonana. Komabe m'mawodi a akuluakulu mumapezekabe achinyamata ofooka kwambiri, ndipo amakhala a magulu awiri: amene sanayezetsepo, makamaka amuna, ndi amene anayamba mankhwala koma anasiya. Zifukwa zosiyira n'zodziwika bwino. Wina anapita ku Joni kukafuna ntchito osatenga kalata yosamutsira, wina analowa m'banja osamuuza mnzake ndipo akuopa kuti botolo lioneka, wina ali kusukulu yogonera komweko, winanso anauzidwa kumapemphero kuti wachira.

Munthu akasiya ma ARV, chitetezo cha m'thupi chimatsika pang'onopang'ono iye asakumva kanthu. Chitetezochi chimayezedwa powerenga maselo a m'magazi otchedwa CD4, ndipo akatsika kufika pansi pa 200, matenda amene thupi labwino limawagonjetsa lokha amapeza mpata. Amene amagoneka anthu ambiri ndi TB ndi matenda oumitsa khosi oyamba ndi kafangasi kotchedwa Cryptococcus, omwe chizindikiro chake choyamba ndi mutu wopweteka masiku angapo osamva panado. Amene anasiya mankhwala ayenera kubwerera kuchipatala ngakhale patapita zaka, ndipo achibale amuperekeze m'malo momudzudzula, chifukwa mantha okakalipiridwa ndi amene amachititsa ambiri kudikira mpaka kunyamulidwa pamachira.

TB imagwiranso anthu opanda kachilombo ka HIV. Chifuwa chopitirira sabata ziwiri, kutuluka thukuta usiku, kuonda ndi kutentha thupi madzulo ndi zizindikiro zofunika kukayezetsa makhololo. Mankhwala ake ndi aulere ndipo amamwedwa miyezi 6, koma chifukwa munthu amapeza bwino mwezi woyamba kapena wachiwiri, ambiri amakopeka kusiya, zomwe zingabweretse TB yosamva mankhwala, yofuna chithandizo chovuta kwambiri.

Ngozi zapamsewu

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndiponso kuti ndizo zikutsogola pa zinthu zopha anthu a zaka zapakati pa 5 ndi 29. M'Malawi vutoli lakula pamodzi ndi kuchuluka kwa njinga zamoto za kabaza, zimene zapatsa anyamata ambiri ntchito komanso zafewetsa maulendo a kumudzi, koma zimayendetsedwa kawirikawiri ndi anthu amene anaphunzira pabwalo masiku owerengeka, opanda chiphaso, onyamula anthu awiri kapena atatu pamodzi ndi katundu. Mawodi a mafupa a zipatala zazikulu za Kamuzu ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba ndi Mzuzu amalandira anyamata otere tsiku ndi tsiku.

Mwa kugonekedwa konse kumene kabukuka kakukamba, kwa ngozi kuli m'gulu la kumene kumatenga nthawi yaitali. Fupa la ntchafu likathyoka, wodwala amafunika opaleshoni yoikamo chitsulo, ndipo pamene opaleshoniyo sinatheke amagona chagada sabata zambiri mwendo utakokedwa ndi zolemera kuti fupalo lilumikizane. Fupa likatulukira pakhungu, chilondacho chimayenera kutsukidwa kufiyeta ndiponso wodwala alandire mankhwala opha tizilombo m'maola oyambirira, apo ayi mafinya amalowa m'fupa ndipo mwendo ungathe kudulidwa. N'chifukwa chake kuyamba kupita kwa womanga mafupa wakumudzi, kapena kuthira dothi, phulusa ndi masamba pachilonda, kumasandutsa vuto la chikhakha chokha kukhala la miyezi, ndipo kumabweretsanso kafumbata.

Kuvulala m'mutu n'koopsa koposa, ndipo pamenepa chipewa cha helemeti n'chimene chimasiyanitsa wotuluka m'chipatala ndi wotsalira komweko. Malinga ndi WHO, helemeti yovalidwa bwino imachepetsa chiopsezo chovulala ubongo ndi maperesenti ofika 74. Kuvala bwino kumatanthauza kumanga lamba wa pansi pa chibwano, chifukwa helemeti yosamanga imavuka munthu asanafike pansi, ndipo chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba sichinapangidwire ngozi yapamsewu. Wokwera ali ndi ufulu wokana njinga yopanda helemeti yake, wokana kupanikizidwa ndi anthu ena pampando, ndi wotsika ngati woyendetsa akununkha mowa kapena akuthamanga mopitirira. Oyenda pansi ndi apanjinga zakapalasa m'misewu ngati wa M1 usiku ayenera kuvala zowala, ndipo oyenda pansi aziyenda moyang'anizana ndi magalimoto.

Ngozi ikachitika, magazi amaletsedwa popanikiza nsalu yoyera pachilonda mosalekeza. Munthu amene akudandaula khosi kapena msana, kapena amene sakumva miyendo, asanyamulidwe pogwira manja ndi miyendo, koma agonekedwe pathabwa kapena chitseko mutu ndi thupi zili mowongoka. Amene anamenyetsa mutu n'kudzuka ali bwinobwino ayenerabe kuyang'aniridwa, popeza magazi angathe kumatayikira m'kati mwa chigaza mwakachetechete. Kusanza mobwerezabwereza, kugona kosadzutsika, mutu wopweteka mowonjezereka, ndi magazi kapena madzi otuluka m'khutu ndi m'mphuno ndi zizindikiro zofuna chipatala usiku womwewo.

Mimba ndi uchembere

Kuchilira kuchipatala n'koyenera ndipo sikuli m'gulu la kugonekedwa kopeweka. Chopeweka ndi mavuto amene amabwera chifukwa chosayamba sikelo msanga. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena anali ndi mimba yoyamba, choncho ambiri amalowa m'zaka zomwe kabukuka kakukamba ali kale amayi. Sikelo iyenera kuyamba m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo malangizo a masiku ano ndi oti mayi aonane ndi azaumoyo maulendo 8 asanachire. Kumeneko amayezedwa kuthamanga kwa magazi, HIV ndi chindoko, amalandira mapiritsi owonjezera magazi, mankhwala a SP oteteza malungo, katemera wa kafumbata ndi neti. Chizolowezi chobisa mimba mpaka itaonekera, poopa anthu oipa mtima, chimamana mayi zonsezi pa nthawi imene zikanathandiza kwambiri.

Kuthamanga kwa magazi kukafika pa 140 ndi 90 kapena kuposa, mayi ali pachiopsezo cha matenda okomoka otchedwa eclampsia, amene amakonda kugwira a mimba yoyamba ndipo amayamba ndi mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi ndi kutupa nkhope ndi manja. Mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda a uchembere, monga mwanamphepo, amalimbitsa chiberekero mopitirira muyeso mpaka chingathe kuphulika. Okhala kutali ayenera kupita kuchidikiro mwezi womaliza.

Atsikana ambiri amagonekedwanso chifukwa cha kutaya magazi ndi mafinya a m'chiberekero mimba itachoka yokha kapena itachotsedwa mwa njira zoopsa. Zipatala zimapereka chithandizo kwa wotere, ndipo banja limene lazindikira liyenera kuyamba lapulumutsa moyo, milandu ndi mafunso zibwere pambuyo. Njira zolera ndi zaulere m'zipatala za boma kwa okwatiwa ndi osakwatiwa omwe. Wogwiriridwa, kapena amene kondomu yaphulika, afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi ndi mankhwala a PEP, omwe amamwedwa masiku 28 poteteza ku kachilombo ka HIV. Mtsikana amene wadumphitsa msambo n'kumva ululu waukulu mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, ndi chizungulire, angakhale ndi mimba yomera kunja kwa chiberekero, vuto lofuna opaleshoni mwamsanga limene nthawi zina limatsatira matenda opatsirana pogonana osachizidwa bwino.

Kolera ndi taifodi

Mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo WHO inanena kuti gulu limene linadwala kwambiri linali la zaka 21 mpaka 30, anthu omwe amadya ndi kumwa kumsika, kudoko ndi pamaulendo. Kolera imapha pomaliza madzi m'thupi m'maola ochepa, choncho wotsegula m'mimba mwamadzimadzi ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo apitirize kumwa ali paulendo wopita kuchipatala. Taifodi imayenda m'madzi ndi chakudya chomwecho koma imabwera mwapang'onopang'ono ndi kutentha thupi kwa masiku ambiri, ndipo ikalekereredwa imaboola matumbo. Kuthira klorini kapena kuwiritsa madzi akumwa, chimbudzi chovundikira ndi kusamba m'manja ndi sopo zimateteza ku matenda onse awiri.

Matenda okhalitsa

Khunyu, mphumu ndi shuga ndi matenda amene mankhwala ake amawagonjetsa bwino, koma amabwezera achinyamata mu wodi mobwerezabwereza mankhwalawo akatha kapena akasiyidwa. Khunyu ndi matenda a muubongo, sipatsirana pokhudza wodwala kapena malovu ake, ndipo chikhulupiriro chakuti imapatsirana n'chimene chimachititsa anthu kuthawa pamene mnzawo wagwera pamoto. Wodwala khunyu asaphike, kuotha moto, kusambira kapena kupalasa bwato ali yekha. Akagwa, achotseredwe zinthu zovulaza, agonekedwe chammbali, asaikidwe supuni kapena chala m'kamwa, ndipo kugwedezekako kukapitirira mphindi 5 atengeredwe kuchipatala. Pamene wapsa pathiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapakapo mazira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta.

Shuga wa achinyamata nthawi zambiri ndi wa mtundu umene thupi silipanga insulin, madzi a m'thupi olowetsa shuga m'maselo, ndipo amaonekera ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuonda msanga. Wodwala wotere sayenera kusiya jakisoni wake ngakhale tsiku limene akudwala ndipo sakudya bwino, chifukwa magazi amadzaza asidi, munthu amayamba kusanza ndi kupuma mozama mpaka kukomoka. Pa tsiku lotere afunse azaumoyo za mlingo woyenera. Kwa a mphumu, kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa kotchedwa inhaler sikazolowetsa thupi monga ena amanenera, ndipo kayenera kukhala m'thumba nthawi zonse. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka, pakuti imatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo kapena mtundu.

Mowa, chamba ndi nkhawa

Mowa umapezeka kumbuyo kwa ngozi zambiri, mabala a ndewu ndi kuiwala mankhwala, ndipo kachasu ndi woopsa mwapadera chifukwa mphamvu yake siyezedwa. Woledzera amene sakudzutsika asasiyidwe kuti agone ukamuthere, popeza shuga wa m'magazi angakhale atatsika kapena angakhale atavulala m'mutu; agonekedwe chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, kenako apite naye kuchipatala. Chamba chimatha kuyambitsa kapena kukulitsa matenda a misala mwa achinyamata ena.

Mnyamata kapena mtsikana amene wasiya kucheza, sakugona, akugawa katundu wake kapena akunena kuti moyo ulibe phindu, makamaka pambuyo pa ngongole, kutha kwa chibwenzi kapena kulephera mayeso, ayenera kufunsidwa mwachikondi ndi mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Funso limeneli siliika maganizowo mwa munthu, koma limamupatsa mpata wolankhula. Asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala a mbewu, a makoswe ndi a ziweto azikhala otsekeredwa ndi loko pakhomo lililonse, chifukwa maganizo otere nthawi zambiri amafika pachimake kwa kanthawi kochepa. Amene wamwa poizoni asamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka, koma athamangire naye kuchipatala atatenga botolo kapena paketi yake. Chithandizo cha matenda a maganizo chimapezeka m'zipatala za m'maboma, ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Kukonzekera kwa pakhomo

Kuchedwa kwachiwiri, kwa paulendo, kumachepa ngati banja lili ndi kandalama kosungira mayendedwe kokha, kaya m'nyumba, pafoni kapena kubanki m'khonde, ndiponso nambala za anthu awiri a njinga yamoto kapena galimoto amene angadzuke usiku. Buku lakuchipatala la munthu aliyense likhale pamalo odziwika, pakuti dokotala amene waona mbiri ya wodwala ndi mankhwala amene akumwa sataya nthawi. Omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku azikatenga ena kutatsala sabata imodzi kuti akale athe, ndipo wopita paulendo wautali auze achipatala pasadakhale kuti amupatse okwanira ndi kalata yosamutsira. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ndi ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni, imene inayambira ku Balaka mu 2011, angathandize banja limene likukayika ngati vuto lingadikire mpaka kucha.

Makolo, amalume, azakhali ndi apongozi akupemphedwa kuti wachinyamata akatentha thupi akayezetse tsiku lomwelo, ndipo akakomoka, akasokonezeka mutu, akamapuma movutikira, akamataya magazi, akauma khosi kapena akamasanza chilichonse, anyamuke naye nthawi yomweyo, kaya ndi usiku kaya mwini banja kulibe.